Galu Ali ndi Mwini: Za Chingwe Chimene Mukundiseka Nacho

Lero mundilole ndidziteteze pang'ono, pakuti mlandu wanga wakula. Kwa zaka 4 tsopano, dzuwa likapendeka ndimatenga chingwe, ndi kumanga galu wanga m'khosi, awirife n'kutuluka. Timatsikira ku msewu waukulu wa M1, timalambalala msika wa pa Boma pano pa Ntcheu, timakazungulira bwalo la mpira kawiri, kenaka n'kubwerera kunyumba kusanade. Ulendo wonsewo sukwana ndi ola lomwe. Koma mawu amene ndatola m'njiramo akadakhala chimanga, bwenzi nkhokwe yanga itasefukira. Anyamata a kabaza amafuula kuti, "Ahedi, ng'ombe yanuyo mukupita nayo kudibi?" Mayi wina wogulitsa tomato adandiyang'ana mwachisoni tsiku lina nati, "Abambo, anzanu akapuma pantchito amaweta mbuzi. Inu zachizunguzi mwazitenga kuti?" Ndipo popeza galuyo dzina lake ndi Dekhani, ndikamamuitana kuti aleke kukoka chingwe, anthu amayesa ndikudzudzula iwowo, phwete n'kuwonjezeka.

Kusekedwa sikundivuta. Munthu amene adaima pamaso pa ana a sukulu kwa zaka zoposa 30 khungu lake limakhala ngati la mvuu. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi liwu lija lakuti "zachizungu". Limeneli ndikulikana. Chingwe chimene chimakhala m'dzanja langa chikunena zimene makolo athu ankazidziwa bwino lomwe: galu ali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ndiye amayankha pa zochita za galuyo. Amene tidaiwala ndife a lero.

Tiyambe ndi m'kamwa mwathu momwemu. Galu m'Chichewa ali ndi nkhope ziwiri. Munthu akakupsetsa mtima, chipongwe choyamba kufika palilime ndi chakuti "galu iwe". Njala ikavuta timati galu wakuda walowa m'mudzi. Komabe akuluakulu omwewo, pofuna kulemekeza nzeru za munthu wamvulazakale, adasankha nyama yomweyi, nati galu wamkota sakandira pachabe. Taganizani bwino, mwambi umenewu udabadwira kuti? Adaupeka ndi munthu amene adaima patchire akuonerera galu wake wakale akukanda pa una, tiana ta agalu tikungothamangathamanga, ndipo adadziwa kuti pamenepo pali kanthu. Kuti udziwe kakandidwe ka galu wako uyenera kukhala utayenda naye masiku ambiri.

Kumbukiraninso maina amene agalu athu ankapatsidwa. Agogo anga aakazi, kwa Njolomole, adali ndi galu dzina lake Mundideranji. Mkazi mnzawo wa pamitala akamadutsa pakhomo, iwo ankangoitana galuyo mokweza mawu. Uthenga wafika, ndewu palibe. Kwina mukadapeza Adzatopa, kwina Zam'dziko, kwina Tilekeni. Galu adali ngati kalata ya pakhomo, ndipo mwana aliyense m'mudzi ankadziwa kuti Adzatopa ndi wa kwa uje. Lero agalu onse ndi a Taiga, a Popi ndi a Buruno, maina osanena kanthu; koma imeneyo tidzaikamba tsiku lina.

Galu wakale ankayenda, ndipo ankayenda ndi mbuye wake. Ndili mnyamata, m'chilimwe tchire likapsa, amuna ankamemeza uzimba. M'mamawa munkaona abambo atanyamula mikondo ndi zibonga, agalu ali pambuyo, ena ali pa luzi kuti asathamangire patsogolo ndi kuvumbulutsa nyama nthawi isanakwane. Galu akagwira kalulu panalibe kukangana, pakuti nyama inkatsata mwini galu, ndipo mwiniyo ankadziwika. Nyengo ya dowe, galu wozolowera kuthyola chimanga m'minda ya eni ankamangidwa pakhonde, mwina ndi goli la mtengo kuti asatafune chingwe. Akagwira nkhuku ya mnansi, nkhani inkapita kwa nyakwawa, ikalephereka kumeneko inkakwera kubwalo la mfumu. Pa milandu yonse imene ndidamvera nditakhala kumbuyo kwa malume anga, sindidaonepo mfumu ikufunsa galu kuti adziyankhire. Ankaimirira ndi mwini wake, nalipa nkhuku.

Uzimba udatha. Nyama zidachepa, tchire lidasanduka minda ya kachewere ndi kabichi, ndipo Dzonzi ndi Mvai ndi nkhalango zotetezedwa ndi boma. Galu adapuma pantchito ngati ine, kusiyana kwake n'kwakuti iye alibe penshoni. Ntchito itatha, kuyendera limodzi kudathanso, ndipo m'malo mwa galu uja wa makolo tidatsala ndi agalu a mitundu iwiri, yonse yomvetsa chisoni.

Mtundu woyamba mudzaupeza pa Boma, pa Mphate, pa Kampepuza kapena pa Lizulu tsiku la msika. Agalu owonda, nthiti zili pamtunda, akununkhiza kuseri kwa chiwaya cha tchipisi, pophera mbuzi ndi kudzala. Mukafunsa kuti galuyu ngwa yani, aliyense amayang'ana kumbali. Komatu ambiri a iwo ali ndi makomo awo. Usiku amakagona paphulusa pa munthu wina amene amawatcha ake akafuna mlonda, n'kuwakana tsiku limene aluma mwana wa eni. Mtundu wachiwiri uli m'mipanda ya njerwa. Amenewa amagulidwa ndi ndalama zambiri ku Lilongwe kapena ku Blantyre, n'kutsekeredwa usana wonse m'kakhola konga ka nkhunda, ati kuti asazolowere anthu. Ena amafika powathirira tsabola m'chakudya poganiza kuti ndiye adzakhale aukali. Galu wotere sadziwa mwana, sadziwa njinga, sadziwa mbuzi. Tsiku limene geti latsala lotsegula, chilichonse choyenda ndi mdani wake.

Chingwe changa chija chikuyankha mavuto onse awiriwa. Galu amatuluka, amanunkhiza, amazolowera anthu ndi phokoso la pamsewu, amatopa n'kukagona bwino. Ndipo nthawi yonseyo aliyense akuona kuti ngwa yani.

Ndivomere kuti pamene ndidaona koyamba munthu akuyendetsa galu motere, nanenso ndidaseka. Kudali ku Zomba, nditapita pa ntchito ya mayeso. Madzulo ena ndidakwera kumtunda kukaona munda wa mitengo ndi maluwa uja wa m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, umene Alexander Whyte adayamba m'chaka cha 1891, m'masiku a Harry Johnston, pofuna kuyesa mbewu ndi mitengo yochokera kunja. Zomba idali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo kufikira lero tauniyo ili ndi kafungo ka masiku amenewo: nyumba zakale za boma, mitengo italiitali, misewu yokhotakhota m'tsinde mwa phiri. M'msewu wodutsa pafupi ndi mundawo ndidakumana ndi mayi wokalamba wachizungu, kagalu kali pa lamba. Ndidati mumtima, anthu awa alibe chochita. Koma ana a sukulu atatulukira pakona, mayiyo adafupikitsa lamba, napatuka m'njira, naima mpaka ana onse atadutsa. Ndidazindikira msanga chimene ndidaona, pakuti ndi zomwezo amayi anga ankachita akakumana ndi apongozi awo panjira yopita kudambo. Kupatuka ndi mwambo wathu. Mayiyo adangouphunzitsa kwa galu.

Ife kuno sitidazolowere mapaki okhala ndi mipando ndi zikwangwani. Koma malo a anthu onse tili nawo: bwalo la mpira kumene ana amasewera opanda nsapato, bwalo la sukulu, njira yopita kumjigo, pamsika, pansi pa mtengo pamene amayi amadikira sikelo ya ana. Makolo athu ankadziwa kusiyana kwa pakhomo ndi pabwalo. Pakhomo pako ukhoza kukhala momwe ufunira. Pabwalo umavala bwino, umatsitsa mawu, ndipo chiweto chako umachigwira. Palibe munthu amene angalekerere ng'ombe yake yogunda kuti izingoyendayenda pakati pa anthu pa Umhlangano ku Nkolimbo. Nanga bwanji nyama ya mano tikuiona ngati yopanda kanthu?

Tsopano ndifike pa chimene chimandipweteka, chimene chidandichotsa m'gulu la oseka. Cha m'ma 1980, pa sukulu ina imene ndinkatsogolera, tidali ndi mnyamata wa Sitandade 5, wochenjera pa masamu, wokonda kuimba belu. Tsiku lina pobwerera kwawo adapeza kagalu panjira, nafuna kukasisita, ndipo kadamuluma pachala. Bala lake lidali laling'ono ngati la minga. Kunyumba adachita monga mwa mwambo: adameta ubweya wa kagaluko, nauwotcha, napaka phulusa lake pabala. Bala lidapola, tonse tidaiwala. Patapita miyezi iwiri mwanayo adayamba kudandaula mutu ndi kuyabwa pa chala chija. Kenaka adayamba kuchita mantha ndi madzi. Ludzu ali nalo, koma akaona chikho, pakhosi n'kutsekeka. Ena adati amulodza, ena adati ndi malungo a muubongo. Pamene ankafika naye kuchipatala, madokotala adalibenso chochita. Ndidayenda pambuyo pa bokosi lake pamodzi ndi anzake a m'kalasi, ndipo mpaka lero palibe amene adabwera kudzati kagalu kaja kadali kanga.

Inu mukudziwa kuti ine ndimateteza miyambo yathu pamene ena akuinyoza. Koma mwambo uwu wowotcha ubweya wa galu ndikuti tiusiye, lero lomwe. Supha kachilombo ka chiwewe, umangopha nthawi. Kachilomboka kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala kamayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulunjika ku ubongo, kawirikawiri kwa miyezi 2 kapena 3, nthawi zina sabata imodzi yokha, nthawi zina mpaka chaka. Ulendo wakewo ndiwo mpata wathu. Munthu akalandira katemera kachilomboka kasanafike, amapulumuka. Zizindikiro zikangooneka, pafupifupi aliyense amamwalira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri a iwo mu Africa ndi mu Asia. Kuti pafupifupi 99 mwa 100 aliwonse amachitenga kwa agalu. Ndi kuti 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Ana ndiwo amasisita tiagalu tapanjira, ndipo ndiwo amabisa bala poopa kukalipiridwa.

Choncho mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mozitchula ndithu pawotchi, kenaka pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mudziwitse alangizi a ziweto. Galuyo ngati akudziwika mwini wake, amangidwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, pakuti galu amene adali ndi kachilombo m'malovu pa tsiku loluma sapyola masiku amenewo asanadwale kapena kufa. Apa mukuona phindu la galu wodziwika mwini. Wapamsewu akaluma amalowa m'chimanga, ndipo banja limatsala mumdima, osadziwa ngati mwana ali pangozi kapena ayi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mankhwala ake si a dzulo. Louis Pasteur, ku France, adapulumutsa mnyamata wa zaka 9 dzina lake Joseph Meister ndi katemera wa chiwewe m'mwezi wa July 1885, Whyte asanabzale ndi mtengo umodzi womwe ku Zomba. Pasteur adamwalira pa 28 September 1895, ndipo n'chifukwa chake tsiku la 28 September lidasankhidwa kukhala lokumbukira matendawa padziko lonse. Zaka zoposa 100 zapita, ife tikadawotchabe ubweya.

Ambiri a msinkhu wanga akukumbukira lamulo lomangirira agalu, pamene a vetenale amalengeza kuti galu aliyense akhale pachingwe, ndipo wopezeka akuyendayenda amawomberedwa. Mfuti zimalira sabata imodzi, anthu amabisa agalu m'nkhokwe ndi kumadimba, pakatha miyezi ingapo tiana tina tabadwa ndipo msika wadzazanso. Akatswiri adaona kale kuti kupha agalu pakokha sikuthetsa chiwewe. Chimene chimathetsa ndi kubaya katemera agalu osachepera 70 mwa 100 aliwonse m'dera, chaka ndi chaka, kuti kachilombo kasowe polowera. Umboni wake uli pafupi. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha ana ofika ndi chiwewe pa chipatala cha Queen Elizabeth chidatsika kwambiri. Maiko adagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Koma kuti galu abayidwe, wina ayenera kumugwira ndi kupita naye. Ndaimapo pa mzere wa katemera, ndipo ndidaona zimene zimachitika. Galu amene sadamvepo chingwe m'khosi amadzigwetsa pansi, amakuwa, amaluma luzi, amapulumuka n'kuthawira kuphiri, mnyamata amene adamutuma n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Dekhani amayenda yekha mpaka patebulo, chifukwa kwa iye chingwe chimatanthauza ulendo wosangalatsa. Amene amandifunsa za kudibi aja sakudziwa kuti akunena zoona pang'ono.

Ife a ku Ntcheu tili ndi chifukwa china chapadera. Kuchokera cha ku Biriwiri kukafika ku Lizulu, msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni a dziko lino ndi Mozambique. Pa Lizulu munthu amagula kabichi ku Malawi, n'kudumpha msewu kukamwa tiyi ku Angonia. Galu sadziwa pasipoti. Ngati mbali imodzi yabaya ndipo ina siinabaye, ntchito yatheka theka. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi, Angoni a kwa Maseko, amakwatirana ndi kuikana maliro. Ndikadakonda kuti mafumu athu, kuyambira kwa Inkosi ya Makosi Gomani V kutsika mpaka kwa anyakwawa, azilengeza tsiku la katemera wa agalu ndi mphamvu yomweyo imene amalengezera zovuta, ndi kutumiza mawu kwa abale a kutsidya kwa msewu kuti nawonso abwere ndi awo.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena pamene mukuwerenga. Mukuti, ahedi, anthu akugona ndi njala, inu mukukamba zoyendetsa galu? Funsoli ndi lolemera ndipo sindilipeputsa. Galu wa munthu wosauka amayendayenda chifukwa pakhomo palibe mkute. Ukamumanga uyenera kumudyetsa. Izi n'zoona. Koma akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna mlonda wa usiku avomerenso phala la gaga, madzi akumwa ndi katemera. Ngati pakhomo pangathe kudyetsa galu mmodzi, pasakhale agalu asanu. Ndipo m'mene ndaonera ine, agalu ovuta kwambiri pa Boma pano si a anthu osauka okha ayi; ena eni ake ali ndi galimoto pakhomo.

Mukutinso, nthawi tiipeza kuti? Ine ndili nayo chifukwa ndidapuma, n'zoona. Koma inu mumapita kudimba, kuchigayo, kukaona mbuzi kudambo. Umenewo ndiwo ulendo wake, mutengeni. Lamba wa m'sitolo safunika. Chingwe cha khonje chikwanira, bola pakhosi pakhale kansalu kofewa ndi mfundo yosathina. Chimene ndikukana ndi kumumanga pamtengo kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu padzuwa, popanda madzi, n'kumati mwamvera ahedi. Kumeneko ndi kusamutsa khola lija la nkhunda n'kuliika pansi pa mtengo wa mango.

Kuyenda ndi galu pakati pa anthu kuli ndi ulemu wake, ndipo ndidauphunzira molakwitsalakwitsa. Masiku oyamba ndinkasiya chingwe chachitali, mpaka tsiku lina Dekhani adanunkhiza dengu la mandasi la mtsikana wina, ndipo ndidagula mandasi onse, ochuluka kuposa mano amene ndatsala nawo. Tsopano ndikaona munthu akubwera ndimafupikitsa chingwe, galu ndimamuika mbali ya kutchire, ine ndimakhala pakati. Ndikakumana ndi akuluakulu, mayi wobereka mwana kapena wosenza mtsuko, ndimapatuka ndi kuima. Abale athu Achisilamu ambiri safuna kuti malovu a galu akhudze zovala zawo, makamaka akamapita kokapemphera. Ndikawaona ndimapita kutali ndithu, ndipo mawu akuti "saluma ameneyu" sindiwanena, chifukwa nkhani yawo si ya kuluma. Mawu amenewo ndi bwino tonse tiwasiye. Mwini galu aliyense amene ndidamuona atagwada pabwalo la mfumu adayamba wawanenapo.

Palinso nkhani imene anthu amachita nayo manyazi, koma ine ndakalamba, ndinena. Galu akadzithandiza pa bwalo la mpira, mawa lake mwana adzapondapo ndi phazi losavala, kapena adzagwerapo ndi manja n'kukadya chimanga chootcha osasamba. M'ndowe za agalu mumakhala mazira a njoka za m'mimba zimene zimalowanso mwa anthu. Ndimayenda ndi kakhasu kakang'ono ka m'dimba la maluwa la mayi a kunyumba. Ndimafukula, ndimakwirira kunja kwa bwalo. Apa ndiye anyamata a kabaza amagwa nako kuseka. Koma ndi ana awo omwe amasewera pamenepo.

Mwezi wathawu, tikuzungulira bwalo kachiwiri, kamtsikana ka zaka ngati 8 kadasiya fulaye n'kutitsatira chapatali. Potsiriza kadalimba mtima nkuti, "Agogo, ndingagwireko chingwecho?" Ndidakafunsa ngati kwawo kuli galu. Kadati alipo awiri, koma sakhala pakhomo, amabwera usiku. Ndidakafunsa ngati adabayidwa, kadati sikadziwa. Ndidakaonetsa kagwiridwe: chingwe kukulunga padzanja kamodzi, chigongono pafupi ndi nthiti, osathamanga, osakuwa. Tidayenda kuchokera pa golo imodzi kukafika pa inzake, ine nditagwira kumapeto, iko katagwira pakati. Posiyana ndidakatuma kuti kakauze bambo ake kuti ahedi opuma aja akufuna kudzacheza nawo Loweruka, ndipo ndidzabwera ndi zingwe ziwiri za khonje.

Ndidapitadi. Bamboyo adandilandira bwino, adandipatsa mpando, adaseka pang'ono monga amachitira onse. Galu mmodzi tidamugwira mosavuta ndi chigamphu cha mkute. Winayo adatiyang'ana ali pa chulu, natembenuka, nalowera cha kumsika. Tapangana kuti tidzayesanso Loweruka likubwerali, m'mamawa, asanadzuke paphulusa.